Mutu Umodzi, Zithunzi Ziwiri

Ana anga, kokerani mipando kufupi, pakuti nkhani ya lero ndi ya mutu wa munthu wamkulu, ndipo yotere sikambidwa chiimire. Kuno ku Makanjira ndi makomo ochepa amene alibe mwana ku Joni, ndipo mwana wa ku Joniyo akamva pa foni kuti anganga ayamba kuthira mchere kawiri m'ndiwo, kuti dzana anasochera pochokera kunyanja m'njira imene akhala akuyenda chiyambire utsikana wawo, kuti mdzukulu akumuitana ndi dzina la mchemwali wawo amene anagona kumanda kalekale, mtima umamupweteka, ndipo mtima wa munthu amene ali kutali umadziwa mankhwala amodzi okha, ndiwo kutumiza ndalama. Posakhalitsa anganga akwezedwa basi yodzera ku Tete ndi ku Harare, akagonekedwa m'chimakina chaphokoso chija amati MRI, n'kubwerako ndi chimbale cha zithunzi za ubongo wawo pamodzi ndi kalata ya dokotala. Chaka chikatha kuiwala kusanaleke, mwana wina wa ku Blantyre, amene safuna kuti mbiri yosamala kholo ikhale ya mkulu wake yekha, nayenso amawatenga n'kukajambulitsa mutu womwewo pa makina ena. Tsono abale amakhala pamkeka ndi makalata awiri, ina ikuti ubongo wafota pang'ono molingana ndi zaka, inayo ikuti wafota kwambiri. Uyu akuti madokotala akwathu sadziwa ntchito, uyo akuti a ku Joni anangodya ndalama, ndipo wachitatu, amene amakhala chete mpaka nkhani itafika pamene iye akuifuna, amatsokomola n'kunena kuti chinthu chodya ubongo wa munthu m'chaka chimodzi chokha si cha kuchipatala ayi. Akulu anati mapanga awiri avumbwitsa.

Komatu n'kutheka kuti pa madokotala awiriwo palibe wanama, ndipo tisanayambe kulozana zala tiyenera kuona chimene chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Makina a MRI sajambula monga ijambulira foni, imene imangotola kuwala kogwera pankhope, chifukwa m'mutu mwa munthu mulibe kuwala. M'chimakinacho muli maginito amphamvu koopsa. Munthu akagona m'kati mwake, tizinthu ting'onoting'ono ta m'madzi a m'thupi lake timafola motsata mphamvu ya maginitowo, makina n'kutumiza mafunde onga a wailesi amene amatigwedeza, ndipo pamene tikubwerera m'malo mwake timatulutsa kamawu kamene khutu silingamve koma kamatoledwa ndi chisoti cha mawaya chimene wodwalayo wavekedwa kumutu. Madzi amayankha mwa njira yawo, mafuta mwa njira yawo, mnofu wotuwa wa pamwamba pa ubongo ndi woyera wa m'kati amayankhanso mosiyana, ndipo kompyuta imasonkhanitsa mayankho onsewa, kuwawerengetsera, n'kupanga chimene dokotala amachiona. Nzeru imeneyi anaiyamba ndi Paul Lauterbur wa ku America mu 1973 ndi Peter Mansfield wa ku England, ndipo awiriwa anadzalandira mphoto ya Nobel mu 2003. Choncho chimene anganga abwera nacho m'chimbale chija ndi masamu amene avala nkhope ya chithunzi. Ndi muyeso.

Ndipo za miyeso inu a m'mbali mwa nyanja simufunika mphunzitsi. Mukudziwa kuti padoko pamakhala chigoba chogulira usipa ndi chigoba chogulitsira, china chinafutukuka, kaya ndi ukalamba kaya ndi nzeru za mwini wake, china chinasengedwa kamlomo, moti usipa womwewo umene unakwana zigoba 10 m'mawa pamchenga umatha kukwana 11 madzulo pamsika popanda nsomba imodzi yoswana panjira. N'chifukwa chake a Malawi Bureau of Standards amayendera masikelo a ogula mbewu n'kuwadinda. Kusiyana kwake n'kwakuti pa makina ojambula ubongo palibe amene akufuna kubera mnzake, zigobazo zinangobadwa zosiyana. Ena anapangidwa ndi kampani ya GE, ena ya Siemens, ena ya Philips, ndipo kampani iliyonse ili ndi kawerengedwe kake. Mphamvu ya maginito, imene amaiyesa m'matesla, imasiyananso, pali a 1.5, amene mphamvu yawo imaposa ka 30,000 ija imene dziko lapansi limakokera nayo kampasi, ndipo pali a 3. Makina ena amapinda chithunzi pang'ono cha m'mphepete, moti mutu ukagona motsikirako kapena mokwererako mbali ina ya ubongo imaoneka yotambasuka kapena yofinyika. Chisoti china chimawalitsa kwambiri mnofu umene uli pafupi nacho n'kudetsa wapakati. Ngakhale makina omwewo, amisiri akabwera kudzasintha pulogalamu yake Loweruka, Lolemba amadzuka ndi kawonedwe kena.

Mwina mukuti, nanga bwanji sitimva madandaulo otere kwa anthu ena ojambulidwa? N'chifukwa chakuti chotupa chachikulu, kapena magazi okhuthukira m'mutu munthu akachita ngozi ya njinga yamoto, kapena chigawo chimene chafa ndi sitiroko, makina alionse amachiona, ndipo dokotala sasowa mtendere ngati malire ake asuntha ndi milimita imodzi. Matenda oiwalaiwala a ukalamba ndi ena. Chakudza sichiimba ng'oma, ndipo awa amadza mwakachetechete kuposa onse, amadya pang'onopang'ono zaka zambiri a pakhomo asanazindikire. Bungwe la WHO limati anthu oposa 55 miliyoni pa dziko ali nawo, oposa 60 pa 100 alionse mwa iwo ali m'maiko osauka ndi apakati, ndipo ambiri mwa odwalawa ali ndi mtundu umene Alois Alzheimer wa ku Germany anaufotokoza mu 1906. Mtundu umenewu umakonda kuyambira pa kachigawo ka m'kati mwa ubongo, kofanana mbali zonse ziwiri cha kuseri kwa makutu, kamene madokotala amakatcha hippocampus, kamene kamathandiza munthu kusunga zimene zangochitika kumene. N'chifukwa chake anganga amakumbukira bwino lomwe nyimbo za ku unyago wawo koma sakumbuka ngati adya nsima masana. Ofufuza ataphatikiza zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana mu 2009 anapeza kuti kachigawoka kamafota pafupifupi magawo 4.7 pa 100 chaka chilichonse mwa odwala Alzheimer, pamene mwa okalamba athanzi kamafota magawo 1.4. Taonani kuchepa kwa mpatawo, magawo atatu okha pa kanthu kosaposa chala chamkombaphala. Ngati makina awiri asiyana ndi magawo atatu kapena anayi pa kuyeza kwawo, ndipo kusiyana kotere kumachitika, ndiye kuti munthu wathanzi angathe kudwala pongosintha chipatala, ndipo wodwala angathe kuchira pa pepala pongokwera basi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma pano kudekha kokha sikukwanira, mpofunikanso kuti diso loyang'analo likhale lomwe lija la chaka chatha.

Ndipo kuti museke bwino, mutuwo nawonso sukhala phee kudikira kuyezedwa. Ku Germany mu 2005 anayesa anthu athanzi powaletsa kumwa kanthu kwa maola 16, n'kupeza kuti ubongo wawo unachepa ndi theka la gawo limodzi pa 100, ndipo atamwa madzi unafufumanso. Theka la gawo ndi pafupifupi mlingo umene ubongo wonse wa munthu wokalamba wathanzi umatayika pa chaka chathunthu. Tsono taganizirani ambuje amene akufunga m'mwezi wa Ramadani, dzuwa la kuno likuswa mtengo, ajambulidwa madzulo asanafuture, pamene chaka chatha anajambulidwa m'mawa atamwa tiyi makapu awiri. Ofufuza ena anaonanso kuti munthu akamagwedezeka pang'ono m'makinamo, mnofu wotuwa uja umaoneka wopyapyala kuposa mmene ulili, ndipo ndani amagwedezeka kwambiri kuposa nkhalamba yosokonezeka imene yatsekeredwa m'chiphanga chogogoda popanda kumvetsa chifukwa chake? Matenda omwewo amene tikufuna kuyeza ndi amene amagwedeza choyezeracho. Ngakhale chithunzi chitatuluka bwino, pamatsala pulogalamu ya pakompyuta imene imadula malire a zigawo za ubongo n'kuwerenga kukula kwake. A ku Maastricht ku Netherlands mu 2012 anapatsa zithunzi zomwezo kwa pulogalamu yotchuka ya FreeSurfer, yakale ndi yatsopano, ndipo mayankho a kukula kwa zigawo anasiyana pafupifupi magawo 9 pa 100. Mutu sunasinthe, makina sanasinthe, chithunzi sichinasinthe, anasintha ndi kalaliki yekha.

Chimene chimandisangalatsa ine n'chakuti anthu ophunzira aja, amene timaganiza kuti amagwadira makina awo, ndi amene amawakayikira kuposa wina aliyense. Mu 2004 ku America anayambitsa kafukufuku wamkulu wotchedwa Alzheimer's Disease Neuroimaging Initiative, mwachidule ADNI, motsogozedwa ndi Michael Weiner wa ku San Francisco, wofuna kutsatira anthu pafupifupi 800 azaka 55 mpaka 90, ena athanzi, ena ongoyamba kuiwala, ena odwala ndithu, m'zipatala zoposa 50 za ku America ndi ku Canada. Chipatala chimodzi sichikanapeza anthu onsewo, paja mutu umodzi susenza denga, koma zipatala 50 zikutanthauza makina 50, aliyense ndi khalidwe lake. Nkhanga zinapangana kusanapse. Asanajambule wodwala, gulu la Clifford Jack wa ku Mayo Clinic linakhala pansi n'kugwirizana kajambulidwe kamodzi kamene makina a makampani onse atatu angatsate, ndipo chipatala chilichonse chinatumiziridwa chimpira chapulasitiki chachikulu ngati mutu, chokhala ndi timipira toposa 100 m'kati mwake, timene kukula ndi kutalikirana kwake kunali kodziwika bwino lomwe. Akajambula munthu ankajambulanso chimpiracho. Chimpira sichikalamba, sichimva ludzu, sichiiwala kanthu, choncho chikaoneka chotambasuka pa chithunzi, wolakwa ndi makina, ndipo chithunzi cha munthu uja chiyenera kukonzedwa ndi mlingo womwewo. Zithunzi zonse zinkatumizidwa ku Mayo kukaunikidwa, zosalongosoka n'kubwezedwa kuti munthuyo akajambulidwenso. Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi.

Koma chimpira si mutu, chilibe makwinya a ubongo, ndiye anaganiza zotumiza anthu enieni. Ku Canada, kumene anakonzanso kajambulidwe kamodzi ka kafukufuku wa matendawa m'dziko lonselo, kuli mwamuna wina wathanzi amene anajambulidwa maulendo 73 pa makina oposa 30, kuyambira ali ndi zaka 29 mpaka 46, ndipo zithunzi zakezo ofufuza a ku Quebec anazitulutsa mu 2019 kuti aliyense wofuna kuyesa makina ake azigwiritsa ntchito. Ku Japan anasankha anthu 9 n'kuwayendetsa m'malo 12 ojambulira ubongo. Ine ndikamaganiza za ntchito imeneyo, yoyenda mzinda ndi mzinda kukagona chagada n'kudzuka n'kumapita, ndimaona kuti tili nawo anyamata angapo pa Mpilipili amene akanaikhoza popanda maphunziro. Koma kuseka pambali, nzeru yake ndi ija ya makolo yakuti ali dere n'kulinga utayenda naye. Sungadziwe khalidwe la makina pongowerenga pepala la kampani, uyenera kuwapatsa mutu umene ukuudziwa kale n'kuona chimene anene.

Masiku ano nkhaniyi yakula chifukwa cha mankhwala. Mu 2023 ku America anavomereza mankhwala otchedwa lecanemab, amene amachedwetsako pang'ono matenda a Alzheimer akagwidwa koyambirira, koma amatha kutupitsa ubongo ndi kutulutsa timadontho ta magazi m'timitsempha take. Pa kuyesa mankhwalawa, munthu amene anali kale ndi timadontho toposa 4 sankaloledwa. Tsono makina amphamvu, ndi kajambulidwe kena kapadera, amaona timadontho tambiri kuposa ofooka, moti munthu mmodzi angawerengedwe 3 apa, 6 apo, kuno n'kupatsidwa mankhwala, uko n'kukanizidwa.

Apa ndiye ndifuna ndikutsineni khutu, paja wakutsina khutu ndi mnansi. Anthu aja ali ndi makina a ndalama zosawerengeka, komabe salola kuti makinawo aweruze mutu wa nkhalamba asanayesedwe okha, kawiri katatu, ndi chimpira, ndi munthu woyenda, ndi komiti. Ife pano choyezera chathu ndi mphekesera ya pachitsime, ndipo sitinachiyesepo ngakhale tsiku limodzi. Agogo akapezeka usiku pakhomo la eni, atavula nsalu, osadziwa kumene ali, sitifunsa kuti kodi adya, kodi akutentha thupi, kodi anayamba liti kusochera, timangoti ndege yawo yagwa. Ukawafunsa mokalipa kuti kodi ndinu mfiti, munthu amene sakudziwa ngakhale dzina la mudzi wake amavomera chilichonse kuti phokoso lithe, ndipo ife timati waulula. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu okalamba 4 a banja limodzi anaphedwa mphenzi itapha mtsikana, ndipo a bungwe loimira okalamba la MANEPO chaka ndi chaka amalira ndi nkhani zotere. Sindikunena kuti aliyense wonenedwa ufiti ali ndi matenda oiwalaiwala, ambiri mlandu wawo ndi imvi basi, kapena munda umene wina akuusirira. Koma wodwala matendawa ndiye nyama yosavuta, chifukwa sangathe kudziteteza ndi mawu. Lamulo la 1911 loletsa kunena munthu ufiti lilipobe m'mabuku, kungoti mabukuwo ali ku boma ndipo miyala ili pafupi. Timati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto pamene akutiweruzira milandu ya malire, koma dambolo likayamba kuuma timaliyatsa ndife. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo amene mukuseka lero ndi mano onse m'kamwa, ubongo wanu nawo unayamba kale ulendo wake wa theka la gawo pa chaka.

Kwa amene muli ndi makalata awiri pamkeka, chochita n'chosavuta. Musamafanizire kalata ndi kalata, tengani zimbale zonse ziwiri mupatse dokotala mmodzi aone zithunzi zenizenizo, mumuuze kuti zinajambulidwa pa makina osiyana, ndipo ngati kujambulanso kungafunike, bwererani pa makina oyamba aja ngati thumba lilola. Mudziwenso kuti dokotala wabwino satchula matendawa poyang'ana chithunzi chokha. Pali nkhalamba za ubongo wofota zimene zimawerenga ndalama bwino kuposa inu, ndipo pali ena a chithunzi chokongola amene sadziwa kuti lero ndi Lachisanu. Chithunzi chimathandiza kwambiri kuchotsa zinthu zina, monga chotupa, magazi oundana pansi pa chigaza munthu atagwa, kapena madzi ochuluka m'mutu. Zina zimene zimasokoneza mutu wa munthu wamkulu zimapezeka ndi kuyeza kotchipa kwa ku chipatala cha boma ku Mangochi kapena ku St Martin's ku Malindi, monga kuthamanga kwa magazi kumene kumawononga timitsempha ta ubongo mwakachetechete, shuga, HIV, chindoko chakale, kuchepa kwa magazi, ndipo nthawi zina ndi makutu chabe amene atseka kapena chisoni cha umasiye. Zambiri mwa izi zili ndi mankhwala. Safunsa anadya phula. Ndipo popita kumeneko, woperekeza akhale amene amagona nyumba imodzi ndi anganga, amene angathe kunena kuti kusochera kunayamba mvula ya chaka chiti, chifukwa dokotala adzafunsa zimenezo asanayang'ane chimbale.

Musaganize kuti makinawa ndi nkhani ya maiko a eni okha. Makina oyamba a MRI m'Malawi anafika mu 2008 pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, a GE, a mphamvu ya matesla 0.35 okha, ndipo anabwera chifukwa cha ana odwala malungo a mu ubongo, ntchito imene Terrie Taylor wa ku Michigan State University wakhala akuigwira ku Blantyre kuyambira m'ma 1980. Ku America makina otere akanawaona ngati achikale, koma galu wamkota sakandira pachabe. Karl Seydel, Sam Kampondeni, Michael Potchen, Taylor ndi anzawo anajambula ana 168 okomoka ndi malungo, ndipo mu 2015 anaonetsa dziko lonse kuti mwa ana 25 amene anamwalira, 21 anali ndi ubongo wotupa kwambiri, pamene mwa opulumuka otupa chotero anali 27 pa 100 alionse. Funso la zaka zambiri lakuti kodi chimapha anawa n'chiyani linayankhidwa pa makina ofooka, chifukwa ana onsewo anayezedwa ndi choyezera chimodzi ndipo chimene ankafuna chinali chachikulu. Koma atafuna kuona zing'onozing'ono, anapita ku Lusaka kumene kunali makina a matesla 1.5, ndipo kumeneko mwa ana a ku Zambia odwala matenda omwewo anaona timadontho ta magazi timene makina a ku Blantyre sakanatha kuonetsa. Wosadziwa akanati malungo a ku Zambia ndi ena, a ku Malawi ndi ena.

Kenaka kunabwera timakina tating'ono ta kampani ya Hyperfine, toyenda pa matayala, tolumikiza pa soketi wamba ya magetsi, ta matesla 0.064, ndiye kuti tofooka pafupifupi ka 50 poyerekeza ndi a matesla 3 aja. Pofika 2022 madokotala a pa Queen Elizabeth anali atalemba kale za mmene kamodzi kamagwirira ntchito kumeneko, ndipo pansi pa ntchito yotchedwa UNITY, yolipiridwa ndi bungwe la Gates n'kutsogoleredwa ndi King's College London, timakina totere tikujambula ubongo wa makanda ku Blantyre, ku Zomba ndi m'maiko ena a mu Africa ndi ku Asia. Zithunzi zake n'zosaoneka bwino kwenikweni, koma ukaipa dziwa nyimbo, timakinati timafika kumene akuluakulu aja sangafike, sitifuna chipinda chapadera kapena mpweya wozizira wa helium umene makina ambiri aakulu sangagwire ntchito popanda iwo. Eni ntchitoyi nawonso ali ndi chimpira chawo choyesera, ndipo m'malo ena monga ku Cape Town ana omwewo amajambulidwa pa kakang'ono ndi pa aakulu kuti aone pamene awiriwa akusiyana.

Mwaona kuti zonse ndatchulazi ndi za ana, ndipo n'zomveka, dziko lathu ndi la ana ndipo malungo sadikira. Koma zikutanthauza kuti pa nkhani ya ukalamba, mlingo wa ubongo wabwinobwino umene dokotala kapena kompyuta ikuyerekezera nawo anganga unatengedwa pa mitu ya anthu ena. Mu 2022 ofufuza anasonkhanitsa zithunzi pafupifupi 124,000 za anthu oposa 100,000, kuyambira mwana wosabadwa mpaka nkhalamba ya zaka 100, n'kupanga tchati cha kakulidwe ndi kafotedwe ka ubongo chonga chija cha kusikelo ya ana, ndipo iwo eni anavomera kuti ambiri mwa anthuwo ndi a ku Ulaya ndi ku North America. A ADNI nawonso anavomera kuti anthu awo ambiri anali azungu ophunzira kwambiri, moti m'gawo lawo lachinayi akufuna kuti theka kapena kuposerapo la olowa atsopano lichokere m'magulu amene anasiyidwa. Munthu amene anakula ndi malungo chaka ndi chaka, likodzo la m'nyanja, njala ya 1949 ali khanda kapena ya 2002 ali ndi ana kumsana, amene sanapite kusukulu koma amadziwa kuwerenga mwera ndi mpoto poyang'ana mitambo, ubongo wake pa zaka 75 uyenera kuoneka bwanji? Funso lomweli lili pa mayeso a pakamwa. Kafukufuku wa Malawi Longitudinal Study of Families and Health, amene wakhala akutsatira mabanja a ku Balaka, Mchinji ndi Rumphi kuyambira 1998, atayamba kuyeza kaganizidwe ka anthu achikulire mu 2012 anachita kukonza mafunso oyenera anthu amene ambiri sanaphunzire kulemba, pakuti kuuza mayi amene sanagwirepo pensulo kuti ajambule wotchi ndi kuyeza sukulu imene sanapite.

Pali njira ya masamu imene ofufuza amaikonda masiku ano, yotchedwa ComBat, imene inayamba mu 2007 pa kafukufuku wa majini n'kudzabwerekedwa ku zithunzi za ubongo zaka 10 pambuyo pake. Imayang'ana zithunzi zonse zochokera pa makina amodzi, n'kuona kuti gulu limeneli lapendekera mbali iti poyerekeza ndi magulu ena, n'kuliwongola. Imagwira bwino ngati pa makina alionse panagona anthu osakanikirana, achikulire ndi ocheperako, odwala ndi athanzi, a mtundu uwu ndi uwo. Koma tiyerekeze kuti tsiku lina agogo 200 a kuno ndi a ku Lulanga ajambulidwa onse pa makina amodzi ku Blantyre, n'kuphatikizidwa ndi zikwi za a ku Minnesota ojambulidwa pa makina ena. Zithunzi zathu zikapendekera mbali ina, masamuwo alibe njira yodziwira ngati chapendeketsa ndi makina kapena ndi moyo umene mituyo yadutsamo, ndipo akhoza kungowongola zonse, kufufuta chinthu chenicheni chimene kafukufukuyo anabwerera, n'kutisandutsa a ku Minnesota pa pepala. Ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri, makina amodzi ndi mtundu umodzi wa anthu sizingalekanitsidwe pokhapokha patapezeka mutu umene wagona uku ndi uko.

Choncho tsiku limene ofufuza adzafune kudziwa zoona za ukalamba wa m'mbali mwa nyanja ino, kugula makina sikudzakwanira. Padzafunika anthu angapo athanzi akwathu kuno, a misinkhu yosiyana, oti akagone pa kamakina ka ku Zomba, pa a ku Blantyre, pa a ku Lusaka ndi pa a ku Cape Town m'masabata ochepa, ubongo usanapeze nthawi yosintha, atamwa madzi ofanana ndiponso pa ola lofanana. Ndipo wokonza ndondomeko ya ulendowo ndimulangize aike m'chilimwe, chifukwa woyendayo asanaone maginito alionse ayenera kuyamba wathana ndi makilomita pafupifupi 100 a msewu wodzera ku Lungwena ndi ku Malindi kukafika pa mlatho wa Shire ku Mangochi, ndipo mvula ikagwa bwino mu Febuluwale, mitsinje ya m'njiramo sifunsa kuti wakwera galimotoyo ali pa kafukufuku wa yunivesite iti.